Njere Makumi Atatu M'chitini cha Sarah

Abale anga a pafoni, mulipo? Ndine yemwe uja, Jaki wa kwa Nsaru, amene chaka chatha ndinakusimbirani mmene ndinavekera mbuzi ya akatekisiti yunifolomu ya kwaya. Munaseka mpaka ena munanditumizira mayunitsi. Lero bisani kaye manowo. Nkhani iyi yandikhala pakhosi miyezi itatu ngati munga wa nsomba, ndipo ndikapanda kuilavula indipha. Werengani mpaka kumapeto, kenako munditukwane bwinobwino.

1

Ndimakhala ndi achemwali anga, a Rozaria, m'mudzi wina ukangopitirira pa Nsaru pang'ono. Amuna awo, a Masautso, ali ku Joni, chaka chino n'chachitatu. Pakhomo tilipo anayi: iwowo, ine, ndi ana awo awiri, Sarah wa zaka khumi ndi Eliza wa zaka zisanu.

Achemwali anga amadziwika ndi zinthu ziwiri. Choyamba, amapanga sopo. Chachiwiri, ana awo sapita ku sukulu.

Musafulumire kuweruza. Sarah amadwala khunyu. Ali sitandade 2 anagwa pa asembule, anzake n'kubalalika akukuwa kuti asamukhudze angawapatsire. Kuyambira pamenepo palibe ankafuna kukhala naye pafupi. Ena ankadzigwetsa dala n'kumaphupha pomuyerekeza. Mwana ankafika pakhomo osadya, osayankhula. Achemwali, omwe anafika Fomu 4 ndipo anaphunzitsapo sukulu ya mkombaphala ya ku tchalitchi, anangoti, "Basi. Mwanayu Mulungu anapatsa ine. Ndimuphunzitsa ndekha." Anapaka utoto wakuda pakhoma la pakhonde n'kugula choko. M'mawa pemphero, kenako masamu, Chichewa, Chingerezi, Baibulo. Masana sopo.

Anthu ananena. Amayi a kumphakati kwathu, kagulu kathu ka akhristu a m'mudzi, ananena. Koma amene ananena kwambiri ndi achimwene athu, a Rodrick, omwe amagula chimanga ndi soya pa Msundwe. Mukudziwa kwathu kuno, mwini mbumba ndi malume. Bambo amabereka inde, koma zoti ana apita uku kapena uko, mawu omaliza ndi a malume.

"Rozaria," anatero tsiku lina atayima pakhonde paja akuyang'ana bolodi, "ndakulekerera chifukwa cha matendawo. Koma tsiku limene ndidzaone kuti sukulu yako ya pakhondeyi ikupusitsa ana, ndidzabwera ndi njinga yamoto n'kuwatenga onse awiri. Kwathu ku Msundwe sukulu ili kuseri kwa nyumba."

Mawu amenewo muwasunge.

2

Sopo wa achemwali si wamasewera. Amayamba n'kusungunula kositiki m'madzi, atavala magolovesi ndi magalasi ngati munthu wowotcherera zitsulo, ana atawathamangitsira kutali. Kositiki ndi woyera ngati shuga, koma akakudonthera pakhungu amadya mnofu. Madziwo akazizira amawathira m'mafuta a mpendadzuwa, n'kutakasa ndi mthiko wakewake mpaka dzanja kuuma, kuwaza ufa wa chammwamba kapena wa nimu, n'kukhuthulira m'chikombole. Mawa lake amadula ndi waya.

Koma nkhani yagona apa: sopo wongodula kumene sasambira. Amaoneka bwino, amanunkhira bwino, koma moto wa kositiki umakhala usanazime. Ayenera kukhala pa thandala masiku makumi atatu kuti akhwime. Ndipo asanagulitse, achemwali amamukhudza kaye ndi nsonga ya lilime. Akaluma ngati batire, ndiye kuti sanakhwime.

Kuwerenga masikuwo inali ntchito ya Sarah. Achemwali ankati amenewo ndiwo masamu enieni. Pa thandala lililonse anakhomerapo kachitini kokhala ndi kabowo pa chivundikiro. M'mawa uliwonse Sarah ankakwera pa mpando m'khitchini, n'kutong'ola njere pa mtolo wa chimanga cha mbewu chomwe bambo ake anapachika kudenga asanapite ku Joni. Chitini chilichonse njere imodzi patsiku. Zikakwana makumi atatu ankathamanga akukuwa, "Amayi, wakhwima!" Zaka ziwiri zathunthu sanaphonyepo. Mlendo akabwera achemwali ankati, "Onani, uyu ndiye mwana amene ankati mutu wake sugwira."

Ine m'chipinda cha sopo ndinaletsedwa kulowamo kuyambira tsiku lomwe ndinakulunga chinangwa chosenda m'pepala la sopo n'kugulitsa kwa kondakitala wa minibasi. Ntchito yanga inali kusenza beseni kupita nalo pamsika n'kumakuwa, "Sopo wa chammwamba! Amachotsa ziphuphu, thukuta ndi fungo la chibwenzi chakale!"

3

Poti ndatchula chibwenzi chakale, ndikuuzeni za Kingsley. Amakonza mafoni pa Nsaru. Tinali pachibwenzi zaka ziwiri. Anandisiya ndi uthenga wa pafoni: "Iwe sudziwa nthawi yoseka ndi yosaseka. Mkazi wa pabanja satero." Patangotha miyezi inayi, m'tchalitchi munalengezedwa ukwati wake ndi Rachel, mtsikana wa mumphakati mwathu momwemo. Ndinaombera nawo m'manja. Ndinaimba nawo nthungululu. Aliyense anati Jaki ndi wopepuka mtima.

Mwezi wa Ogasiti Rachel anatulukira pakhomo, tsitsi atamanga, foni yatsopano ili m'manja.

"Amake Sarah, ndikufuna sopo makumi anayi. Ndidzagawira amayi amene adzabwere ku shawa yanga, aliyense wakewake."

"Shawa ndi liti?"

"Loweruka la pa 30."

Achemwali anayang'ana Sarah. Sarah anawerenga pa zala n'kunena kuti, "Thandala la pamwamba likwana Lachisanu lake, amayi."

"Mwamumva mwiniwake," anatero achemwali akumwetulira.

Rachel anatembenukira kwa ine. "Jaki, nawenso ubwere, eti? Pafunika wina wotiseketsa. Akuti umatha." Kenako ananunkhiza sopo mmodzi, maso atatsinzina. "Ine ndiye ndidzakhala woyamba kumusambira. Ndikufuna khungu lidzawale pa zithunzi, a Kingsley adzadabwe."

"Adzadabwadi," ndinatero ine.

Sabata ya shawayo zinthu zinagundana. Lolemba achemwali anapanga sopo wina n'kumuyala pa thandala la pansi. Lachiwiri masana Sarah anagwa ku mjigo. Kugwa kwake kukakhala kwakukulu amagona masiku awiri, ndipo akadzuka masiku amamusokonekera, za dzulo amaziyesa za mwezi watha. Masiku amenewo achemwali ankamubweretsera chimanga pa mphasa, iye n'kutong'ola, iwo n'kukaponya m'zitini. Lachinayi m'mawa kunabwera uthenga wa maliro a azakhali a amuna awo ku Nambuma.

"Jaki," anatero akumanga chitenje, "mawa Sarah akawerenga, thandala limene lakwana makumi atatu mumukulungire Rachel. Wotsalayo upite naye kumsika. Wamva?"

"Ndamva, achemwali."

"Ndipo zoseweretsa zako zija ayi."

"Ine? Ndinasiya kale."

Lachisanu m'mawa Sarah anadzuka ali wofooka, maso ali psuu. Anaponya njere zake, kenako anatsegula zitini n'kuwerenga, ine nditaima pakhomo. Cha pamwamba, makumi atatu. Cha pansi, makumi atatunso. Wa pamwamba ndinalongeza m'beseni la kumsika. Wa pansi tinamukulungira Rachel, aliyense ndi kariboni kofiira.

4

Lamulungu m'tchalitchi, ansembe ali mkati molalikira, ndinaona amayi a pampando a mphakati wathu akudzikanda m'khosi. Kenako m'khwapa. Kenako mayi wa pafupi nawo. Kenako mzere wonse wa amayi, aliyense akuyesetsa kukanda mwaulemu ndi buku la nyimbo. Ndisaname, ndinaluma chitenje kuti ndisaphulike.

Rachel anali phee pa benchi yakutsogolo, khungu lili see. Ndinamva pambuyo pake kuti sanasambire n'komwe. Anagawa yense, iye n'kusambira wa m'sitolo yemwe Kingsley anamugulira ku tauni.

Titatuluka, mtsikana wina anafika akuthamanga, wopanda nsapato.

"A Rachel! Mwana wa a Lidiya! Athamanga naye kuchipatala ku Kabudula!"

A Lidiya ndi akulu ake a Rachel. Mwana wawo anali ndi miyezi iwiri yokha. Anamusambitsa m'mawa umenewo ndi sopo wa ku shawa, poti ankamva kuti sopo wa amake Sarah ndi wofatsa, wabwino kwa makanda. Thupi lonse linafiira ngati lothiridwa madzi otentha, thovu lina n'kulowa m'diso. Diso linatupa osatseguka.

Kuseka konse kunandithera.

Achemwali anatsika kabaza masana omwewo n'kupeza anthu pakhomo. Mayi wina anawaponyera sopo pamapazi. Achemwali anamutola, kumuyang'ana, kumudina ndi chala, chala n'kulowa. Anamukhudza ndi lilime n'kulavula nthawi yomweyo.

"Uyu ndi wa Lolemba," anatero motsitsa mawu. "Yesu wanga. Uyu ndi wa Lolemba."

Analowa m'chipinda cha sopo, kuzula chitini cha pansi ndi msomali womwe, n'kukhuthula pakhonde. Anawerenga kawiri.

"Jaki! Zinayenda bwanji?"

"Ine mathandala anu sindiwadziwa, achemwali. Paja munandiletsa kulowamo. Sarah anawerenga, zonse ziwiri zinakwana."

"Sarah, m'chitini ichi muyenera kukhala njere zinayi. Zinazi zalowa bwanji?"

Sarah anayang'ana njere, kuyang'ana amayi ake. "Sindikudziwa, amayi. Mwina ndinaponya zambiri. Sindikukumbuka."

"Mwamva?" anatero mayi wa sopo uja, akutembenukira kwa anzake. "Ntchito ya poizoni kupatsa mwana wakugwa! Ndiye sukulu yakeyo imeneyo?"

Achemwali anakwera kabaza yemweyo kupita ku Kabudula. Akuti anagwada pakhonde la wodi, amuna a a Lidiya n'kuwauza kuti, "Diso la mwana wanga likafa, mayi, mudzafotokoza bwino kupolisi." Sarah anatsala pakhonde akutola njere imodziimodzi n'kuzimanga pa kansalu.

5

Sabata imeneyo mudzi unadya ife. Ena amati achemwali amathira zizimba mu sopo kuti malonda aziyenda. Ena amati malovu a mwana wakhunyu amagweramo. Pamsika ndinakhala tsiku lonse osagulitsa ngakhale mmodzi, anyamata a kabaza akundifunsa ngati ndili ndi sopo wochotsera utoto wa njinga. Kumphakati anatumiza uthenga woti achemwali ayambe apuma pa udindo wawo wophunzitsa ana katekisimu.

Lachitatu achimwene anaimba foni. Mawu awo ankamveka mpaka pamene ndinakhala.

"Ndinanena, Rozaria. Mwana wa zaka khumi kulephera kusiyanitsa zinayi ndi makumi atatu? Loweruka ndikubwera. Uwalongedzere onse awiri."

"Achimwene, Sarah akagwa kumeneko adzamudzutsa ndani? Alamu amakhala ku golosale tsiku lonse."

"Aphunzitsi alipo. Iwe walephera. Wavulaza mwana wa eni, usavulazenso ako."

A Masautso ali ku Joni anangoti, "Mwini mbumba akanena, ine mkamwini ndinganenenji?"

Achemwali anafufuta bolodi ndi nsanza yonyowa. Sanalire pamaso pathu. Ankangolowa m'chipinda cha sopo ndi korona m'manja n'kutseka chitseko.

Koma amene ankandiopsa ndi Sarah. Anasiya kudya. Ankakhala kuseri kwa khola la nkhuku, kumasula kansalu kake, kuwerenga njere, kumanga, kumasulanso. Lachinayi ndinamupititsira mbatata, iye n'kundifunsa, "Amayi aang'ono, anzanga a ku sukulu aja ankanena zoona eti? Mutu wangawu unawonongeka?"

"Ayi, iwe. Ndani wanena?"

"Nanga bwanji sindikukumbuka?"

Ndinamusiyira mbale n'kuchokapo msanga.

Lachisanu kunabwera nkhani yabwino imodzi: diso la mwana wa a Lidiya linatseguka, adokotala anati liona. Ndinathamangira kwa achemwali ndikuganiza kuti basi zatha.

"Tithokoze Mulungu," anatero akupinda madiresi a Eliza m'chikwama. "Koma achimwene akubwerabe."

Loweruka m'mawa ndikuwaza chakudya cha nkhuku, Sarah anandikoka chitenje.

"Amayi aang'ono, tabwerani muone."

Anayala kansalu kake pa njerwa. Njere anali atazigawa milu iwiri. Wina wa zinayi, wina waukulu.

"Izi zinayi ndi za ababa," anatero. "Mukuona? Zozungulira pamutu, zachikasu ndi utsi wa m'khitchini. Tanunkhizani. Koma izi zinazi n'zoyera, ndipo zili ndi kadzenje pamutu. Si za kudenga." Analoza lichero lomwe linali m'manja mwanga. "N'zofanana ndi izo. Za m'thumba la nkhuku."

Ndinaika lichero pansi.

"Amayi sagwira thumba limenelo. Eliza safikira chitini. Ine ndinali pa mphasa." Anandiyang'ana m'maso. "Lachisanu lija ndinakuuzani kuti sopoyu ndi wofewa, munati n'chisanu. Zimenezo ndakumbuka."

Ndinafuna kuseka, kunena kanthu koseketsa monga ndimachitira nthawi zonse ndikagwidwa. Nthabwala sinabwere.

"Musaope, sindinena," anatero akumanga kansalu kaja. "Ine akungonditenga kupita kwa amalume. Inu akadziwa akuthamangitsani, ndiye amayi atsala okhaokha. Ndimangofuna ndidziwe kuti si mutu wanga."

6

Eya, abale anga. Ndinali ine.

Lachinayi lija achemwali atangokwera kabaza wa ku Nambuma, Sarah ali m'tulo, ndinalowa m'chipinda choletsedwa chija. Ndinatsegula chitini cha pansi, munali njere zitatu. Ndinatapa chimanga m'thumba la nkhuku n'kuwerenga bwinobwino kuti ya Lachisanu ikagwera zikwane makumi atatu. Ndinkaseka ndekha. M'mutu mwanga munali chithunzi chimodzi chokha: Rachel akudzikanda pa zithunzi, Kingsley akudabwa. Ndinkati kayabwe masiku awiri, kenako ndidzakusimbireni inu pano, museke, munditumizire mayunitsi.

Za amayi makumi anayi sindinaganize. Za khanda sindinaganize. Koma pali chimodzi chimene ndinaganiza, ndipo n'chimene chimandidya mpaka lero. Ndinadziwa kuti Sarah akagwa amasokoneza masiku. Ndinadziwa kuti akandifunsa ndingomuuza kuti, "Chitini sichinama, werenga," ndipo akhulupirira chitini kuposa mutu wake. Ndinadalira matenda a mwana wa achemwali anga kuti andibise. Ndipo sabata yonse anandibisadi.

7

Njinga yamoto inalira cha m'ma 10 koloko. Achimwene anatsika, kuvula chipewa, n'kukhala pa mpando pakhonde. Zikwama ziwiri zinali kale pakhomo. Eliza ankalira atagwira mwendo wa amayi ake. Sarah anali atavala diresi lake la ku tchalitchi.

"Tisatalikitse," anatero achimwene. "Si chilango ichi, Rozaria. Ndikukuthandiza. Pa holide azibwera."

Achemwali anagwada n'kuyamba kufotokoza za mankhwala. "Awa amamwa m'mawa, awa madzulo. Akagwa musamuike kanthu m'kamwa, mungomugoneka cham'mbali. Akadzuka musamufunse mafunso ambiri, amachita manyazi..."

Achimwene ananyamula chikwama choyamba.

"Ndinaika ndine," ndinatero.

Palibe anatembenuka.

"Achimwene, njere zija ndinaika ndine m'chitini. Sarah sanalakwitse."

"Jaki, si nthawi ya nthabwala ino," anatero akumangirira chikwama ndi lamba wa mphira.

"Sindikuseka!"

"Iwe unayamba wanenapo chiyani choona? Chaka chatha unandiimbira foni kuti nkhokwe yapsa, ndinathamanga kuchokera ku Msundwe n'kukupeza ukukazinga mtedza. Lero wapeka ina kuti ana asapite. Mtima wabwino, koma ayi."

"Jaki, chonde," anatero achemwali osandiyang'ana. "Usawonjezere."

Abale, mwana wa munthu kuulula tchimo lake loyamba moona, anthu n'kukana kulilandira! Ndinagwada m'fumbi momwemo.

"Sarah, masula kansalu."

Sarah anapukusa mutu.

"Masula, mwana wanga. Ndakumasula ndine. Uwaonetse amalume zimene wandionetsa."

Anayang'ana amayi ake, kenako pang'onopang'ono anatulutsa kansalu m'thumba la diresi n'kuyala pa mpando. Zala zake zinagawa njere mofulumira, zinayi uku, zina uko. Anafotokoza monga anandifotokozera ine, osaphonya kanthu.

Achimwene ndi munthu amene wagula chimanga zaka makumi awiri. Mlimi sangawanamize. Anatola imodzi mwa zinayi zija, kuinunkhiza, kuiluma. Anatola ina ya mulu waukulu, kuikanda ndi chikhadabo, ufa n'kutuluka.

"Ichi n'cha makolo, chokhalitsa pa utsi," anatero. "Ichi n'cha haibulidi, cha chaka chino." Analowa m'khitchini, tinamva akukoka mpando. Anatuluka n'kupita ku thumba la nkhuku, kutapa dzanja limodzi, kuyang'ana. Anabwerera n'kukhala pansi.

"Wakuonetsa ndani zimenezi, Sarah?"

"Palibe, amalume. Amayi amati ukapeza ansala yodabwitsa, usafufute, uyang'anenso."

Achimwene anagubuduza kanjere m'dzanja. "Anyamata anga a pa sikelo, a Fomu 4, amandisakanizira zimenezi tsiku ndi tsiku," anatero. Kenako anadzuka n'kumasula chikwama pa njinga.

Achemwali anadzuka, kubwera pamene ndinagwada, n'kuima. Ndinatseka maso kudikira khofi. Ndinkalifuna khofilo.

"Chifukwa cha Kingsley?"

"Eya."

"Unamuona mwanayu akukana chakudya sabata yonse?"

"Ndinamuona."

"Unamumva akufunsa ngati mutu wake unawonongeka?"

"Anafunsa ine."

"Ndiye unamuyankha chiyani?"

Khofi silinabwere. Anangoti, "Dzuka. Vala nsapato. Tikupita kwa a Lidiya, ukanene ndi pakamwa pako pomwepo. Mawa ukanenanso kumphakati, utaimirira."

8

Ndinanena. A Lidiya anandionetsa mwana, khungu likusupuka m'khosi ngati la njoka, n'kundifunsa kuti, "Taseka tsono, paja umaseketsa." Amuna awo anafuna za kupolisi, achimwene anapepesa mpaka dzuwa kupendeka, mbuzi yawo imodzi n'kupita komweko ngati chipepeso. Kumphakati ndinaimirira pamaso pa amayi onse amene anadzikanda aja. Rachel sanandilankhule. Kingsley anangopukusa mutu ngati munthu amene ananena kale. Ku ukwati sindinapite.

Ana sanapite ku Msundwe. Bolodi linalembedwanso Lolemba lake. Achimwene anagwirizana ndi achemwali kuti kumapeto kwa teremu iliyonse Sarah azilemba mayeso omwe mphunzitsi wina wopuma ntchito azibweretsa, ndipo oyamba anakhoza masamu onse kupatula imodzi. Malonda a sopo akubwerera pang'onopang'ono, koma alipo amayi ena amene mpaka lero akaona beseni lathu amawoloka msewu. Achemwali tsopano salola sopo kutuluka pakhomo asanamulawe okha, ngakhale kugwe maliro a ndani.

Ine sanandithamangitse. Mwina kundithamangitsa kukanapepuka. Amandipatsa moni, timadya mbale imodzi, timapemphera limodzi. Koma sanasekepo nane kuchokera tsiku limenelo.

Patatha sabata ndinawapeza akukhoma kachitini pamwamba pa chitseko cha chipinda changa.

"N'chachiyani, achemwali?"

"N'chako. Sarah aziponyamo njere m'mawa uliwonse."

"Zikakwana makumi atatu ndiye kuti mwandikhululukira?"

"Kukhululuka ndinakhululuka kale, Ambuye amalamula. Koma kukhululukira sopo sikumuchotsa moto. Wa mafuta a mpendadzuwa ndimadziwa masiku ake. Iwe sindikudziwa."

Lero m'mawa Sarah wakwera pa mpando n'kuponya njere ya 94. Potsika wandinong'oneza kuti, "Ndawafunsa amayi dzulo. Akuti mukadaluma pang'ono." Kenako anaseka. Mwana amene ndinafuna kumukwirira ndi matenda ake omwe ndi yekhayo pakhomo pano amene amasekabe nane.

Ndiye abale anga, inu amene mumanditumizira tizithunzi toseka mpaka misozi, ndikufunseni. Munayamba mwatcherapo msampha wa nthabwala n'kukola munthu amene simunamutchere? Munaulula, kapena wina akusenzabe mlandu wanu mpaka lero? Lembani m'munsimu, dzina mukhoza kubisa. Ndipo inu amene munalakwiridwapo ndi m'bale wanu wa bere limodzi, ndiuzeni zoona, musandinyengerere: kwanuko zinatenga njere zingati?